Matumba a Chingwe Chabuluu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Kaphuka. Umboni wangawu ndi wochititsa manyazi, chifukwa dzenje limene Mulungu ananditulutsamo ndinakumba ndekha. Ndinaphetsa msika wa mbatatesi wa kalabu yathu ya alimi, mlandu n'kugwera munthu wosalakwa.

Titatopa ndi mavenda otigula motchipa m'munda momwe, tinapeza bambo wina wa ku Lilongwe amene amapereka mbatatesi kwa okazinga tchipisi. Lamulo lake linali limodzi: zikuluzikulu zokha, zosatemeka ndi khasu. Aliyense ankasankha kwake, kusoka matumba, n'kukaunjika pamsewu tsiku la lole. Mayina sitinkalemba, poti tinkati anthu opemphera mphakati umodzi anganamizane bwanji?

Chaka chatha munda wanga unabereka ting'onoting'ono. Ine wolongolola pamisonkhano, ndikaonekere pamsewu ndi matumba awiri okha? Ndinachita zimene tinkachitira mavenda kale: pansi zing'onozing'ono ndi zotemeka, pamwamba zooneka bwino. Mayi akunyumba anandiletsa, ine n'kuwakalipira kuti za malonda sakuzidziwa.

Ku Lilongwe wogula uja anakhuthula thumba limodzi, mwatsoka linali langa, zotemeka zitayamba kale kununkha. Anabweza katundu yense, nati tisadzamuimbirenso. Zina zinawolera pamsewu, zotsala mavenda omwe aja anatola pamtengo wachipongwe.

Pamsonkhano anthu analoza chala mayi Nabanda, amasiye okalamba amene maso awo ayamba kuchita mdima. "Kapena sindinaone bwino, ana anga, mundikhululukire," anatero. Anawachotsa m'kalabu ine ndili pomwepo, osaulula kuti thumba lija linali langa. Ndikakumbuka tsiku limenelo ndimadzida.

Panadutsa masabata atatu ndikubisabe. Ku Misa anzanga akamapita kukalandira Ukaristia, ine ndinkatsala pabenchi. Ndinkapemphera, koma pemphero lake linali lachinyengo: Ambuye, bwezani msika, nkhani yanga isatuluke.

Yankho linadzera mwa a Twaibu, Msilamu wa ku Dedza boma amene amayendetsa lole ija. Tinakumana pachigayo, iwo n'kundikokera pambali. "Achimwene, matumba aja ndinakweza ndine. Thumba limene bwana anakhuthula linali la chingwe chabuluu, ndipo osoka ndi chingwe chotero munali inu nokha. Sindinauze munthu, ndimadikira kuti munene mwekha. Mukanena, bwana uja ndikamuchonderera ndine, amandimvera."

Ndinazindikira kuti Mulungu wamva pemphero langa, koma mbali yabodza ija waikana. Lamulungu lotsatira, Misa itatha, ndinaimirira pamaso pa a kalabu n'kuulula zonse. Ena anandinyoza, ndipo sanalakwe. A Twaibu anasunga mawu awo. Wogula anavomera kutiyesanso, malinga thumba lililonse likhale ndi dzina, ndipo lizikhuthulidwa anthu akuona lisanakwere lole. Mpaka lero msikawo ulipo, ulemu upite kwa Mulungu.

Ndinapita kwa mayi Nabanda kukagwada kuti abwerere m'kalabu. "Ndakhululuka, mwanangu," anatero. "Koma mwachedwa. Mbewu ndinagulitsa, munda ndinabwereketsa. Ndimati mbatatesi zandikanika, maso anatha." Mayi aja anali atakhulupirira ndithu kuti olakwa ndi iwo.

Ndikuthokoza Ambuye amene sananditaye, nanditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene sitipemphera naye tchalitchi chimodzi. Inu amene mwasenza chinthu mumtima, musafooke kupemphera, Mulungu amayankha. Koma akakuuzani kuti lankhula, lankhulani tsiku lomwelo. Ine ndinadikira masabata atatu, ndipo lero mayi Nabanda amapalira m'minda ya eni ake kuti apeze ufa. Tikakumana m'njira amandipatsa moni wansangala, n'kundifunsa ngati mbatatesi zabereka bwino chaka chino.