Mchere m'Kamera ya a Gilibati

A Gilibati a ku Mitundu anadyerera matipate. Ankajambula misonkhano ya zipani zonse, kumangosintha malaya, mpaka anagula kamera yodula ya galanti ya chaka chathunthu. Itafa mwadzidzidzi, ukwati wa mwana wa abusa uli Loweruka lomwelo, anapalasa njinga mpaka ku Nathenje kwa Bester, mmisiri amene sitolo yomwe anagulako kamerayo inkamutumizira katundu wowonongeka, munthu wosadziwa kunong'ona, wokhulupirira pepala kuposa maso ake.

Bester anatsegula kamera, nakanda m'kati, nanyambita nsonga ya sikuludiraiva.

"Mchere," anatero. "Munapita nayo kunyanja yaikulu, bambo."

"Ine? Malire anga ndi ku Likuni."

"Pepala la galanti likuti dzimbiri la mchere wa kunyanja salikonza ulere. Umu muli dzimbiri, muli mchere. Ndiye kuti munapita ku Beira."

"Ndipita bwanji ku Beira ndilibe pasipoti?"

"Zimenezo mukafotokoze kupolisi. Ine ndimaona za kamera."

A Gilibati anapukuta thukuta. Kulipira sakanatha, poti ndalama za matipate zinathera mu suti ndi nsapato zosongoka. Ndipo kamera ikapanda kudzuka, ukwati ukanagwera Jones, wojambula mnzawo amene sankamwerana naye madzi. Anayamba kulumbira, kutchula ndi udindo womwe, ati mkulu wa mpingo sanama. Amayi atatu a chigwirizano amene ankadikira wailesi yawo pakhondepo anagwedeza mitu. Ankawadziwa bwino: ndi a Gilibati omwewa amene analalikira pamsonkhano wa mpingo chaka chatha, kudzudzula zithumwa ndi asing'anga mpaka mawu kusasa.

"Mwina inapita ndi wina," Bester anayesa kuwathandiza. "Mumaibwereketsa?"

"Kamera yanga saigwira munthu, ngakhale mayi akunyumba."

"Eya, ndiye munapita nayo nokha."

"Achimwene, tandimverani. Madzi aakulu amene ndinawaonapo ine chibadwire ndi damu la ku Malingunde."

"Damulo lili ndi mchere?"

"Ayi."

"Ndiye si kumeneko." Bester anayamba kubwezera tizitsulo m'malo mwake. "Paja amati nsomba n'zotchipa ku Beira. N'zoona?"

"Ndati sindinapiteko!"

"Kamerayi ikuti munapita. Mwa awirinu, amene ali ndi pepala ndi kamera."

Apa a Gilibati anaona kuti fisi wafika pakhola. Anasuzumira amayi aja, nawerama mpaka mlomo kukhudza khutu la Bester. Ananong'ona kuti Jones ndi wa mtima woipa, ndipo anthu oterewa sagona. Ndiye munthu wina wodziwa zinthu, wa kuseri kwa Dzalanyama, anawalangiza kuti kamera izigona m'chitini cha mchere, poti mfiti ndi mchere siziyenderana. Yagona m'menemo dzinja lonse, mvula ili m'kati, mchere ukukha madzi. Mlaliki wathu ameneyo, wosasa mawu uja.

Nkhope ya Bester inawala ngati wapeza sikuluwu yotayika.

"Mchere wa pagolosale! Bwanji osanena kale?"

Amayi aja anasiya nkhani zawo.

"Tsitsani mawu, achimwene."

"Mawu anga ndi omwewa, bambo." Anayendetsa chala papepala, mzere ndi mzere. "Apa akuti wa kunyanja. Za mchere wa m'chitini sanalembe. Tikonza ulere, Lachisanu mudzatenge."

Mtima wa a Gilibati unakhala pansi. Anadziona kale ali kutsogolo kwa tchalitchi, suti itasitidwa bwino, akulamula akwati kuti amwetulire, Jones akumeza malovu kuseri kwa mpanda.

"Kungoti akusitolo samva za m'khutu," Bester anapitiriza. "Amafuna mboni yomva ndi makutu ake. Amayi, tabwerani. Bambowa abwereza mokweza zimene andinong'oneza zija, kuyambira poyambirira."

Amayi anadzuka onse atatu, kumanga zitenje mwachangu. Wotsogola anali mayi Felesiya, mchemwali wa mayi busa, amene nkhani ikawalowa m'khutu m'mawa, imafika ku Mitundu basi isanafike.

A Gilibati anayang'ana kamera yawo ili chitsegulire pathebulo, ukwati wonse uli m'menemo. Anayang'ana mayi Felesiya, amene anali atapendeketsa kale mutu. Kenaka anakonza tayi.

"Amayi, khalani pansi, musavutike," anatero ndi mawu a paguwa. "Achimwene, ndakumbukira tsopano. Ku Beira ndinapitadi, ndipo ndinasambira nayo."