Chithunzi cha Bambo a ku Nthalire

Okondedwa omvera, m'masiku a chipani chimodzi ndinkajambula zithunzi kuno ku Chitipa. Mnzanga wa ntchito yomweyi anasamukira ku Limbe, kumene kunali misewu ya tala, magetsi ndi makasitomala. Iye akajambula m'mawa, madzulo watsuka kale. Ine filimu ndinkatumiza komweko pa basi.

Tsiku lina mayi wina wa ku Nthalire anabwera ndi bambo ake odwala. Mayiyo anati kwa ine, "Adada, ajambuleni kuti ana anga adzawadziwe."

Ndinawajambula, filimu n'kuitumiza. Mvula inadula msewu wa ku Karonga, filimu n'kunyowa m'njira, yonse kuonongeka. Bambo aja anamwalira.

Mayiyo anabwera kanayi wapansi kudzafunsa. Kudandaula za msewu kunali kudziputira mavuto, ndipo zoona zinkandikanika kunena. Ndinkangoti, "Amama, basi sinafike."

Mpaka analeka kubwera.