Buku Limene Linatsala Pang'ono Kufera M'katoni

Olemekezeka a Gregory Nyirongo, wapampando wa Bwalo la Alembi a Nkhani Zopeka, amene mwatiitana kuno. Olemekezeka a khansala a dera lino la Old Town. Olemekezeka a Shehe Mudathir ndi Abusa Edwell Mwale, amene mwatiyambira mwambowu ndi mapemphero. Olemekezeka a Haji Abdulaziz, amene mwatibwereka chipinda chino pamwamba pa sitolo yanu osafunsa kuti alembiwa amapemphera kuti. Olemekezeka aphunzitsi amene mukhale ndi ophunzirawa masabata akubwerawa. Atolankhani, amayi ndi abambo. Ndi inu alembi, amene mwakakhala kumbuyoko ngati kuti mwambo uno si wanu: ndikupereka moni kwa nonse.

Mutandiimbira foni, a wapampando, kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka, ndinakufunsani ngati alembi otchuka onse apita kumaliro, poti ine sindinalembepo buku ngakhale limodzi. Ntchito yanga yakhala ya ukonzi: kulandira zolemba za anthu ena, kuziwerenga ndi cholembera chofiira m'manja, kenako kukangana ndi eni ake mpaka buku litatuluka. Munandiyankha kuti n'chifukwa chake mukundifuna. Ndathokoza, ndipo ndathokozanso onse amene anathamanga uku ndi uku kuti maphunziro ano atheke.

Ndikuona ena mwa inu mwabwera ndi zikwama zotupa, ndipo mwazikumbatira pamiyendo ngati muli m'minibasi ya ku Kawale. Ndikudziwa zomwe zili m'menemo. Ndikudziwanso mantha amene munthu amakhala nawo akaganiza zopereka kwa mlendo chinthu chimene wakhala akulemba mobisa, ngakhale a kunyumba kwake osadziwa. Mantha amenewo sindiwaseka. Ndikufuna ndikuuzeni za munthu wina amene anali nawo, malemu a Orton Gondwe. Mayi Rose Gondwe, mkazi wawo, anandilola kuti ndizinena nkhaniyi kulikonse kumene kuli alembi.

A Gondwe anali a ku Rumphi, ankagwira ntchito m'boma ku Kapitolo ndipo ankakhala ku Area 15. Anali munthu waudongo, wa tayi ngakhale Loweruka, mkulu wa mpingo. Koma nthawi ya nkhomaliro ikakwana, anzawo akamapita kukadya, iwo ankakwera minibasi n'kutsika kuno, n'kukakhala pabenchi ya mayi wina wogulitsa kaunjika pa Msika wa Tsoka, dzina lake Mayi Zubeida. Sankagula kanthu. Ankangomvetsera mmene anthu amatsatsira malonda, mmene amanenererana mitengo, mmene amatukwanirana n'kusekanso limodzi. Akabwerera kwawo ankalemba.

Nkhani yawo inali ya mayi wamalonda dzina lake Rukaiya, amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kungoti zii zaka zambirimbiri, kenako n'kutulukira ali wodwala, alibe kanthu. Atamaliza anabwera nayo ku ofesi yathu. Nthawi imeneyo ndinali mkonzi wachitsikana. Ndinaiwerenga, ndipo ndinadziwa kuti ndagwira chinthu chamoyo. Koma mitu itatu yoyambirira inali ya mbiri ya mzinda wa Lilongwe, nyengo yake, mlatho wake ndi mafuko okhalamo. Rukaiya ankaonekera owerenga atatopa kale.

Ndinawauza kuti, "A Gondwe, buku lanu layambira pa mutu wachinayi, pamene bambo wina waima pabenchi n'kufunsa mtengo wa jekete, Rukaiya n'kuzindikira mawu a mwamuna wake asanadzutse mutu. Zakumbuyozi tichotse."

Anandiyankha kuti, "Mitu imeneyo ndi imene ndinaivutikira kwambiri, a mkonzi."

Ndinati, "Ndikudziwa. Koma wowerenga sagula thukuta lanu, amagula nkhani."

Ananyamula mapepala awo, anandithokoza mwaulemu wonse, n'kutuluka. Sanabwerenso nawo. Tinakhala pa ubwenzi, tinkakumana m'maukwati ndi m'maliro, ndipo nthawi iliyonse ndikafunsa za Rukaiya ankati, "Ndikumukonzabe." Analembanso bukulo, n'kulilembanso. Anasiya taipi n'kugula kompyuta, n'kuyambiranso. Ana awo anakula, ena anakwatiwa, iwo anapuma pa ntchito, imvi zinadzaza mutu, koma Rukaiya anali akukonzedwabe. Palibe wosindikiza wina amene anamuona. Si kuti anali aulesi kapena odzikuza. Ankaopa kumvanso kuti china chake sichili bwino.

Tsiku lina m'mawa ndinangoona Mayi Gondwe akulowa mu ofesi mwanga, atanyamula katoni ya sopo. Anaiika patebulo, n'kukhala pansi osadikira kuti ndiwapatse mpando. Anati, "Achemwali, anzanu aja agwidwa ndi sitiroko. Dzanja lamanja silikugwira, kuyankhula kwapita. Adokotala akuti mwina zibwerera, mwina ayi. Dzulo akhala akuloza pamwamba pa wadiropu mpaka ndatsitsa katoniyi, kenako akuloza pakhomo. Ndawatchulira mayina a abale onse, akukana. Nditatchula lanu, agwetsa misozi."

M'katonimo munali buku limodzi lolembedwa kambirimbiri, ndipo mathero ake analipo atatu osiyana.

Ndinayamba kupita ku Area 15 Loweruka lililonse masana. Tinkakhala pakhonde, a Gondwe pa njinga ya odwala, ine pampando wa pulasitiki, Mayi Gondwe akutibweretsera tiyi. Chingerezi chonse cha a Gondwe cha ku Kapitolo chija chinali chitathawa, Chichewa chimene analembera bukulo chinali chitathawanso. Anangotsala ndi mawu awiri a Chitumbuka cha kwawo: "enya", kuvomera, ndi "yayi", kukana. Ndi mawu awiri amenewo tinakonza buku lonse. Ndinkawerenga ndime mokweza, n'kufunsa kuti, "Tisiye?" Iwo n'kuyankha.

Loweruka loyamba ndinayamba ndi mutu woyamba, wa mbiri ya mzinda uja. Ndisanamalize tsamba, anatambasula dzanja lamanzere, n'kugwira mitu itatu ija pamodzi, n'kuikankhira pansi. Mapepala anamwazikana pakhonde ponse. Mayi Gondwe anathamanga kuti atole, amuna awo n'kukuwa kuti, "Yayi!" Kenako anandiyang'ana, mbali imodzi ya nkhope ikuseka. Tinaseka tonse atatu mpaka mayi woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda.

Musaganize kuti mkonzi anapambana ponse. Titafika pa mathero tinakangana koopsa, ngati n'zotheka kukangana ndi munthu wa mawu awiri, ndipo ndikukutsimikizirani kuti n'zotheka. M'mathero ena Rukaiya anakhululukira mwamuna wake. M'mathero ena mwamunayo anamwalira Rukaiya asanasankhe chochita, ndipo amenewa ndi amene ine ndinawakonda, chifukwa anali osalala, osavuta kugulitsa kusukulu. Mathero achitatu anali owawa: Rukaiya anamulowetsa m'nyumba, anamusambitsa, anamudyetsa mpaka tsiku lomaliza, koma sanamutchulenso dzina ngakhale kamodzi. Ndinachonderera Loweruka ndi Loweruka. Ndinati owerenga adzadandaula, ndinati aphunzitsi adzasowa phunziro loti auze ana. Yankho linali limodzi: "Yayi." Anaika dzanja lamanzere pa mathero achitatuwo osalichotsa. Ndinagonja, ndipo lero ndikuyamika Mulungu kuti ndinagonja.

Bukulo linatuluka. Tinalikhazikitsa mu holo ina ku City Centre, ndipo mwana wawo wamkazi, Wiza, ndi amene anawerenga m'malo mwa bambo ake. Anawerenga mutu womaliza mpaka kumapeto. Kenako kumbuyo kunaimirira mayi wachikulire, atafunda mpango wake bwinobwino. Anali Mayi Zubeida a pa Tsoka aja. Sanadikire maikolofoni.

Anati, "A Gondwe, mwatinamiza. Rukaiya ndimamudziwa ine, sakanamulowetsa m'nyumba ameneyo. Zaka zonsezo ana akugona ndi njala, iye ali kuti?"

Mayi wina wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, wovala yunifolomu yake, anaimiriranso n'kuti, "Ayi, amayi, anachita bwino kumulandira. Cholakwa chake n'chakuti sanamukhululukire."

Mayi Zubeida anati, "Kumukhululukira? Inu munayamba mwagulitsapo kaunjika pamvula?"

Wotsogolera mwambo anayesa kuwakhazika pansi, koma abambo nawo anali atalowerera, aliyense ndi maganizo ake. Anthu akuluakulu, a zipembedzo zosiyana, ankakangana za mkazi amene sanabadwepo, ngati kuti ndi mlongo wawo. Ndinacheuka kuyang'ana a Gondwe. Anali atagwira buku lawo pachifuwa ndi dzanja limodzi lija, misozi ikutsika, akungoti, "Enya. Enya." Sindikudziwa kuti ankavomereza mayi uti. Ndikuganiza kuti onse awiri.

A Gondwe anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Bukulo lilipo, likuwerengedwa. Koma ndikakumbukira a Gondwe, chimene chimandipweteka si matenda awo. Ndi mabuku ena amene munthu wa khutu lotere akanatilembera pa zaka zonse zimene anakhala akusisita buku limodzi. Amenewo sitidzawawerenga.

Tsono alembi anzanga, ndiloleni ndikuuzeni zochepa zimene ndaphunzira pa mpando wa ukonzi.

Yambani nkhani pamene mavuto ayambira. Dzuwa likatuluka m'ndime yanu yoyamba, mbalame zikamaimba, munthu wanu akadzuka n'kutsuka m'kamwa, ine mkonzi ndimakhala nditayamba kale kuganiza za nkhomaliro. Ndikuona ena mukuseka moyang'ana pansi. Musadandaule, pafupifupi aliyense amayamba choncho. Tipatseni munthu amene akufuna chinthu ndi mtima wake wonse, mutionetse chimene chikumutchinga, ndipo tidzakutsatirani kulikonse.

Anthu a m'nkhani zanu aziyankhula ngati anthu. Kondakitala asayankhule ngati akuwerenga nkhani pawailesi, ndipo agogo a kumudzi asayankhule ngati loya. Tsikani masitepe awa, mukaime pa depoti, mukakhale pa benchi ya telala, mutseke pakamwa n'kutsegula makutu. Ndipo musachite manyazi kulemba m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Chiyankhulo chimene mumalirira maliro n'chokwanira kunyamula buku.

Mukamaliza kulemba, ikani pambali kwa kanthawi, kenako muwerenge mokweza. Pamene lilime lapunthwa, pamenepo pali vuto. Mukatero perekani kwa munthu amene sakuopani. Mayi anu adzati ndi yabwino, chibwenzi chanu chidzati ndi yabwino kwambiri. Pezani wina woti akuuzeni tsamba limene anayamba kusinza. Mkonzi akakuuzani kuti chotsani, yesani kaye kuchotsa muone ngati nkhani yafa. Kawirikawiri mudzapeza kuti yayamba kupuma bwino. Koma pakhale chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mukudziwa mumtima kuti ndiye moyo wa nkhaniyo. Pamenepo kanani mwaulemu, ndipo musasunthe.

Za kusindikiza, sindikunamizani: njira yake ndi yopapatiza m'dziko lathu lino. Osindikiza ndi ochepa, mapepala ndi odula, ndipo ambiri amathamangira mabuku a sukulu. Choncho yambani ndi nkhani zazifupi. Tumizani ku nyuzipepala, kuwailesi, ku mipikisano, ku magazini a pa intaneti, ndipo tsatirani zimene apempha; akati masamba asanu, musatumize makumi awiri. Sungani zolemba zanu m'malo angapo, chifukwa foni imabedwa ndipo kompyuta imafa. Wina akakuuzani kuti buku lanu ndi lokoma kwambiri moti silifunika kukonzedwa, mungolipira kuti alisindikize mawa, gwirani chikwama chanu mwamphamvu. Ndaona alembi ambiri akugona ndi makatoni a mabuku pansi pa bedi, opanda sitolo yowalandira. Musasaine mgwirizano umene simunaumvetse. Funsani kuti bukulo likhala la ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo pitani nawo kwa wina wodziwa akuwerengereni.

Adzakukanani. Ndikunena izi monga munthu amene wakana anthu ambiri, ena a iwo aluso kuposa amene ndinawalandira. Nthawi zina nkhani imakhala isanapse, nthawi zina imakhala yafika pa tebulo lolakwika, tsiku lolakwika. Lirani ngati mukufuna kulira, palibe cholakwa. Koma sabata isanathe, konzani zimene mwauzidwa, mutumize kwina, ndipo muyambe kulemba nkhani yatsopano.

Kwa inu makolo, amuna ndi akazi a alembiwa, amene mwawaperekeza lero: mukaona munthu wanu wakhala chete pakona ndi pepala, sakudwala ndipo sakukunyozani. Mupatseni kanthawi, muchepetseko wailesi.

A wapampando, ndili ndi pempho limodzi. Tsiku lotseka maphunziro ano mundiitanenso, koma musadzandikonzere mpando wapamwamba. Mudzandiikire tebulo pakhomo paja. Wophunzira aliyense potuluka adzasiye m'manja mwanga nkhani imodzi yomaliza, yokhala ndi chiyambi ndi mathero, ngakhale ikhale yotsimphina. Ndikulonjeza pamaso pa a Shehe ndi Abusa kuti ndidzawerenga iliyonse mpaka tsamba lomaliza, ndipo aliyense ndidzamuyankha ndi pakamwa panga, maso ndi maso.

Ndi mawu amenewa, olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, ndi mtima wodzala ndi chiyembekezo ndikulengeza kuti maphunziro a alembi a nkhani zopeka, kuno ku Old Town, atsegulidwa tsopano. Alembi, sunthirani kutsogolo kuno, ntchito yayamba.

Zikomo kwambiri.