Ntchito Yanga Yonse Inali pa Makoma a Eni

Okondedwa omvera, ndine bambo wa ku Chiringa, ndipo ndakalambira kujambula ndi penti pa makoma a magolosale.

Chaka china cha chisankho, aphunzitsi ena anandiuza kuti bungwe lina likufuna ojambula akumudzi akaphunzire ku Blantyre, koma aliyense atumize zithunzi za ntchito yake. Ine ndinalibe ngakhale chimodzi. Ndinakweza mkulu wa kamera panjinga mpaka ku Jenala, komwe ndinajambulako mayi akupeta mpunga, ntchito imene ndinkainyadira koposa.

Tinapeza khoma lonse lapakidwa mtundu wa chipani.

"Pepani achimwene," anatero mwini golosale. "Anabwera ndi penti yawo, ndikanakana bwanji?"

Makoma ena awiri tinawapeza chimodzimodzi. Ku khoma lachinayi sitinapiteko n'komwe, poti ndinalifufuta ndekha a chipani china atandipatsa ganyu.

"Nanga ndijambule chiyani, bambo?" anafunsa wa kamera uja. Ndinangopalasa njinga kubwerera.

Anzanga ojambula, itanani wa kamera penti isanaume. Ena anapita kukaphunzira. Ine ndikauza ana anga kuti ndinajambulapo mayi wopeta mpunga, amangondiyang'ana, poti ndilibe chowaonetsa.