Wolira wa Mpando Wakutsogolo

Pa siteji ya maminibasi ku City Market, mayi wina wonyamula sutikesi anaima pafupi ndi bambo wovala chipewa chachikauboyi, gitala ili kumsana.

"Pepani ba tate, ndimwe mumaimba nyimbo za kantili, zija za makauboyi, ku holo ya ku Kabwata pa Chisanu?"

"Ndine, amayi. Munabwelako?"

"Ine iyayi. Amuna anga, ba Chalwe, ndiwo saphonya."

"Aja okhala mpando wakutsogolo? Ndikangoyamba nyimbo ya mkazi amene anasiya mwamuna wake, misozi mbwee. Nikatsiliza amaipemphanso. Muli na mwayi, anthu a mtima wofewa chonchija ni osowa."

"Zoona? Mwezi watha ndinagona kuchipatala. Anabwela kudzaniona tsiku limodzi, osakhala na pansi, ati angachedwe ku nyimbo zanu."

"Mwina zimawatonthoza mtima. Nanga sutikesi iyi, ulendo wa kuti?"

"Kwa akulu anga ku Lilayi. Ba Chalwe sadziwa, akali ku nchito."

"Mubwelela liti?"

"Sinibwelela. Pa Chisanu mukawaimbile nyimbo ija bwinobwino, ba tate. Zaka zonsezi anali kuphunzila chabe kulila, manje apeza chifukwa."