Nguluwe mu msampha panjira ya kuphiri

Dandaulo langa ndinalipereka koyamba mu Meyi chaka chatha kwa komiti yoyang'anira nkhalango kwathu ku Ntchisi, ndipo kope la kalatayo ndikusungabe.

Nkhani yake ndi iyi: ndinakwera phiri ndi mdzukulu wanga wamkazi kukaona apusi, titanyamula tenti. Panjira tinamva kufwenthera patchire. Inali nguluwe, mwendo utakodwa mu msampha wa waya, ikudzikoka kulunjika kwa ife.

"Agogo, wayawo uduka!" anakuwa mwanayo.

Maondo angawa sathamanganso. Ndinangomubisa kumbuyo kwanga, n'kumabwerera chafutambuyo. Mpaka lero mwanayo akamva kulira kwa nkhumba amanjenjemera.

Njira imeneyi amadutsamonso amayi okatola nkhuni. Akomiti, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba: msampha uja munauchotsa kapena ukadalipo?