Theka la Keke ya Malalanje

— Halo?

— Halo, achimwene. Mukundimva?

— Ndikukumva, chemwali, koma ngati uli m'botolo. Mwaswera bwanji kumeneko?

— Taswera, kaya inu? Alamu ndi ana?

— Onse ali bwino. Ana atsekera sukulu, nyumba yasanduka msika. Nanga amayi?

— Alipo. Akuwothera dzuwa pakhonde.

— Shuga wawo ali bwanji?

— Wakwerako pang'ono.

— Mankhwala atha?

— Mankhwala alipo. Kungoti ndinaphika keke ya tchuthi. Ija ya malalanje, ankatiphikira tili ana.

— Iwe, adokotala aja anati chiyani?

— Anati kachidutswa kamodzi sikalakwa, bola adye kaye chakudya.

— Ndiye unawapatsa tingati?

— Musandikalipire.

— Sindikukalipira ine. Halo? Halo?

— Ndilipo, ndi netiweki. Dikirani ndiime pazenera. Dzulo anadya pafupifupi theka.

— Theka la keke yonse?

— Madzulo anafooka, ludzu losatha. Ndinachita mantha. Lero ali bwinoko.

— Koma iwe ndi uja umabisa shuga pamwamba pa kabati. Chinachitika n'chiyani?

— Mukudziwa kuti chiyambireni kuiwala kuja amanditcha anesi. "Anesi, madzi." "Anesi, zikomo." Mwana wawo ine.

— Ndikudziwa.

— Dzulo atangoluma keke ija, anandiyang'anitsitsa. Akuti, "Mwana iwe, wachulutsanso batala. Dzanja lako ndi lolemera ngati la bambo ako."

— Anatero?

— Anandizindikira, achimwene. Anafunsanso ngati inu munasiya kunyambita beseni losakaniziramo keke. Tinaseka. Atamaliza, maso aja anayamba kubwerera kutali, ine n'kudula china. Kenaka china. Ndimangofuna akhalebe nane. Halo? Yaduka?

— Siyinaduke. Ndikanakhala ine, ndikanawapatsa ndi mbale yomwe.

— Ndiye nditani? Ndiwamane?

— Usawamane. Yotsalayo uidule tizidutswa topyapyala, ukulunge, uike mufiriji. Kamodzi patsiku, ndi tiyi wopanda shuga. Ina ugawire ana a aneba, isamakuyang'ane.

— Akapempha china?

— Uziti mawa. Uwapatse lalanje asende, uwafunse kuti batala woyenera ndi wochuluka bwanji. Akuphunzitse. Tikuwafuna tchuthi chinacho alipo, akudzudzulenso.

— Inetu ndimadyera limodzi nawo. Siketi yayamba kukana.

— Ndiye nawenso kamodzi. Tamvera, umawapatsa nthawi yanji?

— Likapendeka dzuwa, pa tiyi.

— Mawa ukamadula undiflashe, ndiyimba ndine. Uike foni pafupi ndi mbale.

— Mwina sakuzindikirani, achimwene. Musakhumudwe.

— Palibe kanthu. Ndingomva akutafuna. Akandikalipira za beseni, ndiye mwayi wanga.

— Mayunitsi akutha. Mupereke moni kwa alamu.

— Amva. Uwafunditse, kunja kukuzizira. Ndipo iwe, batala uja usachepetse.

— Ndamva. Tsalani bwi—